Mmene ndinathetsera timing'alu pa acrylic wa bokosi la kompyuta

Chitseko cha m'mbali cha bokosi la kompyuta yanga ndinachipanga ndi acrylic (pulasitiki wolimba wooneka ngati galasi) wokhuthala mamilimita 3, koma nditachipinda pochitenthetsa n'kuthira guluu wa Weld-On 4, pamalo olumikizirapo panatuluka timing'alu toyera ngati ukonde wa kangaude. Acrylic akapindidwa ndi kutentha amatsala womangika m'kati, choncho mankhwala osungunula a m'guluuyo akalowa amamung'amba. Chidutswa chatsopano nditachipinda ndinachiika mu uvuni pa madigiri 80 Celsius kwa maola atatu kuti kumangikako kuthe, n'kuchisiya chizizire pang'onopang'ono uvuni uli wotseka. Kenako ndinasalaza m'mphepete mwake ndi sandipepala, n'kudonthezera guluu ndi jakisoni, ndipo panauma popanda mng'alu. Penti ndinapopera kumbuyo kwake, chifukwa ndimafuna kuti kutsogolo kukhalebe konyezimira.