Momwe mungayezere ngati mtsinje wa kwanu ungatulutse magetsi

Anthu a ku Bondo, m'munsi mwa phiri la Mulanje, akhala akuyatsa magetsi a bungwe la MEGA ochokera mu mtsinje wa Lichenya, osadikira mawaya a ESCOM. Esiteti ya tiyi ya Lujeri nayo ili ndi makina ake opukusa magetsi ndi madzi. N'chifukwa chake m'makomiti a chitukuko a m'midzi ina funso silikusowa: nanga mtsinje wathuwu sungatero?

Akatswiri a za mphamvu, kaya a ku yunivesite ya MUST ku Thyolo kaya a m'mabungwe, sangakwere mtsinje uliwonse wotsika m'phirili kukaona okha. Mukawapitira ndi mawu akuti "kwathu madzi ndi ambiri, saphwa", amangogwedeza mutu. Chimene amafuna ndi manambala awiri: madzi akudutsa malita angati pa sekondi, ndipo akugwa mamita angati kuchoka pomwe mungawapatutse kufika pomwe pangakhale makina. Zonsezi mudzi ungayeze wokha ndi ndowa, tepi, paipi ndi foni.

1. Sankhani mwezi woyenera

Apa ndi pamene ambiri amadzinamiza. Mtsinje wa mu Febuluwale ndi wonyenga, ndipo wa mu Juni nawo umakhala utathandizidwa ndi chiperoni. Yezani mu Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, mvula isanagwe, pamene miyala yonse yaonekera ndipo amayi akuchapira pakati pa mtsinje. Madzi a nthawi imeneyo ndiwo adzakuuzeni magetsi amene mungadalire chaka chonse. Kuyeza m'miyezi ina n'kothandiza ndithu, koma makina sagulidwa potengera madzi a m'dzinja.

2. Yezani kuchuluka kwa madzi

Ngati ndi kamtsinje kakang'ono, tchingani ndi matumba a mchenga kuti madzi onse adutse pa paipi imodzi kapena pa chidutswa cha lata, ndipo tcherani ndowa ya malita 20. Wina agwire foni kuwerenga masekondi. Ndowa ikadzadza m'masekondi 4, ndiye kuti pakudutsa malita 5 pa sekondi. Bwerezani kasanu, mutenge nambala ya pakati.

Mtsinje wokulirapo ndowa siingathe. Pezani malo owongoka, opanda dziwe kapena mathithi, muyeze mamita 10 m'litali mwake ndi kukhoma zikhomo poyambira ndi pothera. Yezani m'lifupi mwa madzi. Kenako ndi ndodo yezani kuya pa malo asanu kuchoka tsidya lino kufika tsidya linalo, muphatikize, mugawe ndi 5. Ponyani ndimu kumtunda pang'ono kwa chikhomo choyamba ndi kuwerenga masekondi mpaka ifike pa chachiwiri. Ndimu imaposa tsamba kapena kapepala chifukwa mbali yaikulu imamira, mphepo siikankha. Ikakodwa pa mwala, ulendo umenewo musauwerengere.

Tiyerekeze kuti m'lifupi ndi mamita 1.5, kuya ndi 0.2, ndipo ndimu yatenga masekondi 20. Liwiro ndi 10 kugawa ndi 20, zomwe ndi 0.5. Koma madzi a pamwamba amathamanga kuposa a pansi omwe akukhulana ndi miyala, choncho pa mitsinje ya miyala ngati yathuyi chulukitsani liwirolo ndi 0.6, mupeza 0.3. Tsopano 1.5 kuchulukitsa ndi 0.2, kuchulukitsanso ndi 0.3, ndi 0.09. Chulukitsani ndi 1,000 kuti akhale malita: 90 pa sekondi.

Malita 90 amenewo si anu onse. Kumunsi kuli anthu otunga, othirira dimba, ziweto ndi nsomba, ndipo pakati pa pomwe mwapatutsa madzi ndi pomwe abwererenso mu mtsinje sipayenera kuuma. Powerengera tengani osapitirira theka. Ife titenga 40.

3. Yezani kugwa kwa madzi

Iyi ndi ntchito yotopetsa, koma ndi imene ili ndi phindu ku Mulanje, chifukwa mitsinje yathu ngakhale ili yaing'ono imatsika motsetsereka kwambiri. Chofunika si mtunda woyenda ndi miyendo ayi, koma kusiyana kwa msinkhu pakati pa malo awiriwo.

Bwerekani kwa mmisiri womanga nyumba paipi yoonekera mkati ija amayezera levulo, ya mamita 10 kapena 15. Idzazeni madzi, muchotse mpweya wonse. Munthu mmodzi aime kumtunda, madzi a m'paipi afanane ndi pamwamba pa chikhomo chomwe wakhoma. Wachiwiri atsike ndi nsungwi yowongoka yolembedwa masentimita, aiimike chilili pa chikhomo china, akweze mbali yake ya paipi m'nsungwimo ndi kuwerenga pomwe madzi aima. Lembani. Wakumtunda atsike aime pa chikhomo chachiwiri chija, wina apitirire kumunsi, choncho mpaka kukafika pomwe mukuganiza kumanga nyumba ya makina. Pomaliza phatikizani zonse. Tsiku lina yambirani kumunsi kukwera, muone ngati manambala akugwirizana.

Foni imaonetsa msinkhu wa malo, inde, koma imatha kuphonya ndi mamita angapo, makamaka m'zigwa za mitengo yowirira. Igwiritseni ntchito polemba pomwe pali malowo basi.

4. Werengerani magetsi

Njira yachidule ndi iyi: malita pa sekondi, kuchulukitsa ndi mamita a kugwa, kuchulukitsanso ndi 5. Yankho ndi mawati. Nambala yeniyeni ya mphamvu yokoka zinthu pansi ndi 9.81, koma pafupifupi theka limatayika m'mapaipi, m'makina ndi m'mawaya, n'chifukwa chake timangoika 5. Malita 40 ogwa mamita 30 akupatsani mawati 6,000, kapena kuti makilowati 6.

Kodi ndi ambiri? Nyumba ya mababu anayi a LED, wailesi, kanema wamng'ono ndi kutchaja mafoni tingaiike pa mawati 100. Ndiye kuti nyumba 60 zikhoza kuyatsa nthawi imodzi madzulo. Koma mbaula imodzi ya magetsi kapena ayironi imadya mawati 1,000 kapena kuposa, gawo la nyumba khumi. Zigayo zambiri zimafuna kuposa makilowati 6 onsewo. Izi zinenedwe poyera pa msonkhano wa mudzi ntchito isanayambe, anthu asamayembekezere kuti nkhuni ndi makala zitha pamene mtsinje wawo ungakwanitse kuunikira kokha.

5. Funsani akuluakulu za napolo

Tepi siingakuuzeni pomwe madzi amafika akakwiya. Yendani ndi agogo a m'mudzimo akulozereni pomwe anafika madzi pa namondwe Freddy mu Malichi 2023, ndipo ena akukumbukirabe napolo wa ku Phalombe wa mu 1991. Jambulani zithunzi za miyala ikuluikulu yomwe inagubuduzika ndi malo omwe nthaka inagumuka. Nyumba ya makina imangidwe pamwamba pa malire amenewo ngakhale zikutanthauza kutaya mamita awiri kapena atatu a kugwa kwa madzi. Damu la Kapichira pa Shire, lomangidwa ndi mainjiniya, linaonongeka ndi namondwe Ana mu Januwale 2022 ndipo dziko lonse linavutika ndi kuzimazima kwa magetsi kwa nthawi yoposa chaka. Ngalande ya mudzi ndiye ingalimbe bwanji itaikidwa panjira ya madzi osefukira?

Onaninso mtundu wa madzi mvula ikagwa. Akamabwera ofiira ndi matope, ndiye kuti kumtunda mitengo yatha kapena anthu akulima mpaka m'mphepete. Mchenga umadya makina, ndipo mtsinje wotero umaphwa msanga m'chilimwe. Lembani zimenezonso.

6. Lembani m'buku limodzi, mupite nalo

Gulani kope lachikuto cholimba. Patsamba lililonse pakhale tsiku, malo, amene anayeza, njira yomwe anatsata ndi manambala onse, ngakhale ooneka olakwika. Pentani mizere ya masentimita pa mwala wosasuntha wa m'mphepete, mwana wa sukulu aziwerenga msinkhu wa madzi sabata iliyonse. Kope la miyezi 12 lotere ofufuza za nyengo amalifuna kwambiri, chifukwa timitsinje tambiri sitinayezedwepo ndi wina aliyense.

Yambani ndi amfumu ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), nkhani ikwere ku komiti ya chitukuko ya dera (ADC) ndi ku khonsolo ya boma. Kupatutsa madzi kumafuna chilolezo cha bungwe loyang'anira madzi la National Water Resources Authority, kupanga ndi kugulitsa magetsi kumadutsa ku bungwe loyang'anira za mphamvu la MERA, ndipo ngati popatutsira madzi pali mkati mwa nkhalango yotetezedwa ya phiri, a nthambi ya za nkhalango ayenera kuvomereza musanakumbe chilichonse. Kope lenilenilo lizikhala kwa mlembi wa komiti. Akatswiri akabwera, apatseni lofotokopa.