Momwe mungasankhire vinyo wa ku Italy molingana ndi thumba lanu

Vinyo wa ku South Africa amene wadzaza m'masitolo a ku Lilongwe ndi Blantyre savuta kumumva, chifukwa pa lebulo pamalembedwa dzina la mphesa: Merlot, Pinotage, Chenin Blanc. Wa ku Italy nthawi zambiri amatchula malo. Barolo ndi mudzi, Soave ndi tauni, Chianti ndi dera. Wosadziwa amangoyang'ana mtengo n'kumaganiza kuti wodula ndiye wokoma, pomwe botolo loyenera ndalama zake lili pambali pomwepo. Mitengo tatchula pano ndi ya mayuro, mongoyerekeza ndi masitolo a ku Italy konko. Likafika kuno botolo limakwera chifukwa cha msonkho ndi mayendedwe.

Yambani ndi zilembo za pa lebulo

Pali magulu anayi. Wolembedwa "Vino" basi ndi wamba. IGT amasonyeza chigawo chachikulu, ndipo wopanga amakhala ndi ufulu wosakaniza mphesa mmene wafunira. DOC, yomwe lamulo lake linabwera mu 1963, imakhazikitsa malire a minda, mtundu wa mphesa ndi kuchuluka kwa zokolola. DOCG ndi yokhwima koposa, ndipo pakhosi pa botolo pamakhala kapepala ka boma kokhala ndi nambala. Zilembozi zikutsimikizira kumene vinyo wachokera, osati kuti mumukonda. Tignanello wa banja la Antinori ndi IGT chabe, koma amadula kuposa a DOCG ambirimbiri.

Pansi pa mayuro 10

Apa yang'anani kum'mwera kwa Italy, kumene dzuwa limapsetsa mphesa mokwanira ndipo minda si yodula. Primitivo wa ku Puglia ndi Nero d'Avola wa ku Sicily ndi ofiira, onona, osavuta kumwa, ndipo amayenda bwino ndi nyama yowotcha. Montepulciano d'Abruzzo nayenso sakhumudwitsa kawirikawiri. Koma samalani ndi dzinali: Montepulciano d'Abruzzo ndi vinyo wa mphesa yotchedwa Montepulciano yolimidwa ku Abruzzo, pomwe Vino Nobile di Montepulciano ndi wa tauni ina ku Tuscany, wopangidwa ndi mphesa ya Sangiovese, ndipo ndi wodulirapo.

Mwa oyera, tengani Verdicchio wa ku Marche kapena Soave Classico. Pinot Grigio wotchipitsitsa nthawi zambiri amangokhala ngati madzi a mandimu, musataye naye ndalama. Vinyo wa gulu lino sanapangidwe kuti asungidwe, choncho onani chaka: woyera asapitirire zaka 2, wofiira zaka 3 kapena 4.

Prosecco, vinyo wa thovu, alinso m'gulu lomweli, ndipo mawu ake amasocheretsa. "Extra Dry" ndi wotsekemera kuposa "Brut". Brut amakhala ndi shuga wosapitirira magalamu 12 pa lita, Extra Dry 12 mpaka 17, pomwe "Dry" amafika 32. Ofuna wosatsekemera atenge Brut.

Mayuro 12 mpaka 25: funani mng'ono wake

Apa ndi pamene ndalama imagwira ntchito yake. Pafupifupi vinyo aliyense wotchuka wa ku Italy ali ndi mng'ono wake, wochokera m'dera lomwelo, kawirikawiri kwa wopanga yemweyo, koma wosasungidwa nthawi yaitali m'migolo. Chimene chimadulitsa wamkuluyo si mphesa yokha ayi, ndi zaka zimene amakhala mosungira asanabweretse khobidi.

Mng'ono wa Barolo ndi Langhe Nebbiolo. Mphesa ndi yomweyo ya Nebbiolo, fungo la maluwa ndi zipatso zofiira lilipo, koma khambi lake ndi lochepa moti mukhoza kumwa lero lomwe. Mng'ono wa Brunello di Montalcino ndi Rosso di Montalcino, onse a Sangiovese yekhayekha; Rosso amatuluka patangotha chaka chimodzi mphesa zitakololedwa. Mng'ono wa Amarone ndi Valpolicella Ripasso, amene amawiritsidwa kachiwiri pa makoko a mphesa otsala popanga Amarone, n'kutengako mphamvu ndi kakomedwe ka zipatso zouma.

Pa Chianti, onetsetsani kuti palembedwa "Classico" ndipo pali chithunzi cha tambala wakuda. Ameneyo ndi wa m'mapiri a pakati pa Florence ndi Siena, wokhala ndi Sangiovese wosachepera 80 peresenti. Amawawasa pang'ono, ndipo kuwawasako n'kumene kumamugwirizanitsa ndi ndiwo za matimati ambiri. Mukamumwa pamimba popanda kanthu mudzati ndi wowawa. Muikeni pambali pa nyama ya mbuzi ya msuzi mumve kusintha kwake.

Kuyambira mayuro 35 kupita m'mwamba

Musagule msanga. Barolo amayenera kusungidwa miyezi 38 asanagulitsidwe, 18 mwa imeneyo m'migolo yamatabwa. Wolembedwa "Riserva", kutanthauza wosungidwa nthawi yotalikirapo, miyezi 62. Barbaresco, wa mphesa yomweyo, miyezi 26, ndipo amafewa msanga. Brunello sagulitsidwa mpaka Januwale wa chaka chachisanu chikololereni. Ngakhale atero, Barolo wongotuluka kumene amauma m'kamwa ngati mwaluma nthochi yosapsa, ndipo ambiri amene amamutsegula nthawi yomweyo amadandaula kuti abetsa ndalama. Ngati mulibe malo ozizira osungira zaka zingapo, gulani wa zaka 8 kapena 10, apo ayi bwererani kwa mng'ono wake uja.

Amarone ndi wina. Mphesa zake, makamaka Corvina, zimayanikidwa miyezi itatu kapena inayi zisanafinyidwe, n'chifukwa chake mowa wake umafika 15 kapena 16 peresenti. Tambula imodzi ndi yokwana.

Lipendeni botolo musanalipire

Kutentha ndiye mdani wamkulu, makamaka mu Okutobala ndi Novembala. Botolo limene lakhala pawindo la sitolo kapena m'galimoto masana onse limapsa: chitsekero chimatukuka, pakhosi pamakhala zomatamata, ndipo vinyo amakoma ngati jamu wopsereza. Lisiyeni, ngakhale atsitse mtengo. Mukatsegula n'kumva fungo la katoni yonyowa, vuto ndi la chitsekero, ndipo silichoka ngakhale mudikire.

Ponyamulira patebulo, wofiira akhale pa madigiri 16 mpaka 18. Kutentha kwa m'nyumba zathu kumaposa pamenepo, ndiye muikeni mufiriji mphindi 20 kapena 30; akatentha mumangomva mowa wokhawokha. Woyera akhale pa 8 mpaka 10, Prosecco pa 6 mpaka 8. Barolo ndi Brunello athireni mu jagi yagalasi ola limodzi musanamwe kuti mpweya ufewetse khambi. Botolo la mamililita 750 limapereka matambula asanu a 150. Wotsala mutsekeni, mumuike mufiriji ngakhale ali wofiira, ndipo mumumalize pasanathe masiku atatu.