Samalani ndi timapulogalamu tonama "totsuka" kompyuta

Anzanga, mukaona kawindo katulukira pa laputopu kakuti kompyuta yanu ili ndi mavuto mazanamazana dinani apa tikonze, chonde musadine. Tsamba la pa intaneti silingaone mkati mwa kompyuta yanu, ndi kachithunzi chabe kongoyendayenda kuti mantha akugwireni. Akubawa muwazindikire apa: kusikana amati ndi ulele koma kukonza akuti mulipire ndi khadi ya ku banki, pena mpaka kuika nambala yoti muimbe ati ndi a Microsoft, chonsecho uthenga weniweni wa Windows sukhala ndi nambala ya foni.

Kawirikawiri timapulogalamu tonamati timalowa mu kompyuta tikamadawuniloda pulogalamu yaulele kapena yokiraka (yogulitsa koma yothyoledwa kuti igwire ntchito osalipira) nkumangodina Next Next osawerenga, ine zinandionekerapo, makina kulemera kuposa kale bandulo nkumangotha osadziwa yapita kuti.

Ngati kapulogalamu kotere kalowa kale zimitsani kaye intaneti, pitani ku Control Panel, Programs and Features, sanjani potengera tsiku nkuchotsa chachilendo chilichonse chomwe chalowa posachedwa. Kakakana kuchoka yatsani kompyuta mu Safe Mode (kayatsidwe komwe Windows imayamba ndi zofunikira zokha) muyesenso. Kenako dinani mabatani a Ctrl+Shift+Esc pamodzi muone pa Startup (mndandanda wa mapulogalamu omwe amayamba okha mukayatsa kompyuta), ndipo mu Chrome chotsani ma extension (timapulogalamu towonjezera mu Chrome) osawadziwa komanso masaiti omwe munawalola kutumiza ma notification, apa mpomwe ambiri amaiwala nde timauthenga tija timangobwerabe.

Mukatero yatsaninso intaneti mupange full scan (kusikana kompyuta yonse) ndi Microsoft Defender, pulogalamu yolimbana ndi mavairasi yomwe imabwera kale mu Windows 10 ndi 11, muonjezere AdwCleaner ya kampani ya Malwarebytes, yochotsa timapulogalamu tosafunika, ndi yaulele. Amene munalipira kale imbirani banki yanu lero lomwe atseke khadiyo, mapasiwedi nawonso musinthe.