Kumanga FFmpeg pa Ubuntu kuti muigwiritse ntchito m'pulogalamu yanu ya C

Munthu amene akufuna kulemba pulogalamu yotsegula mavidiyo, yodula nyimbo, kapena yopeputsa fayilo isanatumizidwe pa foni, sapita patali asanakumane ndi FFmpeg. Ambiri amaidziwa ngati lamulo lolemba pa terminal basi, koma kuseri kwa lamulolo kuli malaibulale olembedwa m'chinenero cha C, ndipo mapulogalamu odziwika monga VLC ndi OBS Studio amatsamira pa malaibulale omwewo. Ntchitoyi anaiyambitsa ndi Fabrice Bellard mu 2000. Laibulale ya libavformat ndi imene imatsegula ndi kulemba mafayilo monga MP4 ndi MKV, libavcodec imamasula ndi kupanikiza zithunzi ndi mawu zimene zili m'katimo, libswscale imasintha kukula kwa chithunzi, libswresample imakonza mawu, ndipo libavutil imasunga zida zing'onozing'ono zimene ena onsewo amabwerekana.

Musanavutike ndi kumanga, onani kaye zimene muli nazo kale. Ubuntu 22.04 imabwera ndi FFmpeg 4.4 ndipo Ubuntu 24.04 imabwera ndi 6.1, choncho ngati mtundu umenewo ukukwanirani, ikani libavformat-dev ndi anzake kudzera pa apt, chida choikira mapulogalamu pa Ubuntu, n'kupitiriza ntchito yanu. Kumanga nokha kumafunika pamene mukufuna mtundu watsopano monga 7.0 umene unatuluka mu 2024, kapena pamene mukufuna kusankha nokha zimene zilowe ndi zimene zisiyidwe. Nkhani ya mtundu si yaing'ono, chifukwa zitsanzo zambiri zakale za pa intaneti zimayamba ndi av_register_all, chikhalirecho chinthu chimenechi anachichotseratu mu FFmpeg 5.0 mu 2022, ndipo khodi yotere compiler, chida chomasulira khodi kuti kompyuta iimve, imaikana pa mtundu watsopano ngakhale mutamanga zonse molondola.

Zida zoyambira n'zochepa:

```
sudo apt install build-essential pkg-config nasm libx264-dev libsdl2-dev
```

Pa zonsezi, nasm ndi imene anthu amaiwala kawirikawiri. FFmpeg ili ndi zigawo zolembedwa mu assembly kuti ntchito yolemera ithamange, ndipo nasm, imene imamasulira zigawozo, ikasowa, configure (lamulo lokonzekera kumanga limene muone pansipa) imaima n'kukupatsani njira yozembera ya --disable-x86asm. Musaitsate njira imeneyo, pakuti mudzapeza laibulale yogwira ntchito koma yochedwa kwambiri. SDL2 imafunika ngati mukufuna ffplay, kapulogalamu koonera vidiyo kamene kamathandiza poyesa. Ikapanda kupezeka, ffplay imangosiyidwa mwakachetechete.

Potenga khodi, ganizirani bandulo yanu. Kukoka mbiri yonse ya git kumadya ma megabyte mazanamazana, pamene fayilo ya mtundu umodzi yopanikizidwa ndi ya ma megabyte pafupifupi 10 okha.

```
wget https://ffmpeg.org/releases/ffmpeg-7.0.tar.xz
tar xf ffmpeg-7.0.tar.xz
cd ffmpeg-7.0
./configure --prefix=$HOME/ffmpeg7 --enable-shared --enable-gpl --enable-libx264
```

Pa mzere womalizawu ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndi bwino kuuwerenga mofatsa musanausindikize. Mawu a --prefix akuuza FFmpeg kuti ikakhale m'foda yakeyake m'kati mwa foda yanu ya home. Mukawasiya, zonse zimapita ku /usr/local, ndipo pamenepo kompyuta imakhala ndi ma FFmpeg awiri m'malo amene imafufuzamo yokha, wina wa Ubuntu ndi wina wanu. Mavuto ambiri amene ndawaona kwa anzanga ophunzira kulemba mapulogalamu amachokera apa: compiler imawerenga ma header (mafayilo a .h ofotokoza zimene zili m'laibulale) a mtundu wina, pulogalamu ikamayamba n'kunyamula laibulale ya mtundu winanso, kenako imagwa popanda chifukwa chooneka. Foda yapayokha siifuna sudo, siikhudza mapulogalamu ena, ndipo tsiku limene mwatopa nayo mumangoifufuta. Mawu a --enable-shared akupempha mafayilo a .so, amene pulogalamu imanyamula ikamayamba, chifukwa mukapanda kunena, FFmpeg imamanga a .a okha, amene amalowetsedwa m'pulogalamu pomanga.

Mawu a --enable-gpl ndi okhudza malamulo. Paokha malaibulale a FFmpeg ali pansi pa laisensi ya LGPL, imene imalola pulogalamu yogulitsa kuwagwiritsa ntchito osaulula khodi yake, bola zina ndi zina zitsatidwe. Koma x264, imene imapanga vidiyo ya H.264, ili pansi pa GPL, ndipo mukailowetsa, FFmpeg yanu yonse imasanduka ya GPL, zimene zikutanthauza kuti pulogalamu yolumikizidwa nayo mukaigawira anthu muyenera kuperekanso khodi yake pa laisensi yomweyo. Pophunzira palibe vuto. Koma ngati mukupangira kampani ina ya pa Cairo Road ku Lusaka pulogalamu imene eni ake safuna kuti khodi yake ioneke, chotsani mawu awiri omalizawo lero lomwe, musadikire kuti ntchito ithe. Kungowerenga vidiyo ya H.264 sikufuna x264, popeza libavcodec ili ndi chomasulira chakechake.

Configure ikakana, chifukwa chenicheni chimakhala chakumapeto kwa fayilo ya ffbuild/config.log. Ikavomera, pitirizani motere:

```
make -j$(nproc)
make install
```

Apa -j akugawa ntchito kwa ma core onse a purosesa. Pa laputopu yakale ntchitoyi imatenga mphindi zochuluka ndithu, fani ikulira ngati chigayo, ndipo kuno ku Lusaka munthu ayenera kuganizira za magetsi. Mu 2024, madzi atatsika ku damu la Kariba chifukwa cha chilala, magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku, ndipo ine zinandionekera ndili kunyumba ku Chilenje: batire la laputopu yanga linali litafa kale, magetsi anazima make ili pakati, ndipo atayaka ndinalembanso make n'kuona ikupitiriza bwinobwino, koma kumapeto linker, chida cholumikiza zidutswa zomangidwa kale, inayamba kudandaula za zinthu zosowa zimene ndinkaziona ndi maso m'khodi. Chimene chinachitika n'chakuti make imayang'ana nthawi imene fayilo inalembedwa osati zimene zili m'kati mwake, choncho mafayilo ena a .o amene anatsala opanda kanthu inawatenga ngati otha kale. Zikakuchitikirani, afufuteni ndi lamulo ili, kenako lembaninso make:

```
find . -name '*.o' -size 0 -delete
```

Zikapitirira kuvuta, make clean imafufuta zonse kuti muyambirenso.

Tsopano laibulale ilipo, koma kompyuta sikudziwa kumene ili. Pali mafunso awiri osiyana, lina la nthawi yomanga pulogalamu yanu ndi lina la nthawi yoiyendetsa, ndipo lililonse lili ndi yankho lake: PKG_CONFIG_PATH imauza pkg-config, chida chofufuzira malaibulale pomanga, kumene ali, ndipo LD_LIBRARY_PATH ndi ya nthawi yoyendetsa.

```
export PKG_CONFIG_PATH=$HOME/ffmpeg7/lib/pkgconfig
export LD_LIBRARY_PATH=$HOME/ffmpeg7/lib
pkg-config --modversion libavformat
```

Nambala imene ituluke iyenera kuyamba ndi 61, pakuti ndiyo ya libavformat ya FFmpeg 7.0. Ikayamba ndi 58, dziwani kuti pkg-config ikuonabe ya Ubuntu 22.04. Mizere iwiri ya export imaiwalika mukatseka terminal. Woyambawo mutha kuuika mu ~/.bashrc, koma wachiwiriwo ine sindiuika m'menemo chifukwa umakhudza pulogalamu iliyonse yoyambitsidwa pa terminal. Ndimakonda kulemba njirayo m'pulogalamu mwenimwenimo pogwiritsa ntchito rpath, monga muonere pansipa.

Poyesa, pangani vidiyo ya masekondi 5 popanda kukoka kanthu pa intaneti:

```
~/ffmpeg7/bin/ffmpeg -f lavfi -i testsrc=duration=5:size=640x360:rate=25 -c:v libx264 yesa.mp4
```

Ngati munasiya x264, chotsani -c:v libx264 pa mzerewu. Kenako lembani fayilo ya yesa.c:

```
#include <stdio.h>
#include <libavformat/avformat.h>
#include <libavutil/avutil.h>

int main(int argc, char **argv) {
    AVFormatContext *f = NULL;
    printf("%s\n", av_version_info());
    if (argc < 2 || avformat_open_input(&f, argv[1], NULL, NULL) < 0)
        return 1;
    avformat_find_stream_info(f, NULL);
    av_dump_format(f, 0, argv[1], 0);
    avformat_close_input(&f);
    return 0;
}
```

```
gcc yesa.c -o yesa $(pkg-config --cflags --libs libavformat libavutil) -Wl,--disable-new-dtags,-rpath,$HOME/ffmpeg7/lib
./yesa yesa.mp4
```

Samalani ndi ndondomeko ya mawu pa mzere wa gcc. Dzina la fayilo yanu liyenera kutsogola ndipo malaibulale abwere pambuyo, chifukwa linker imawerenga kuchokera kumanzere kupita kumanja n'kutenga m'laibulale zokhazo zimene yaona kale kuti zikufunika. Mukatembenuza, mudzalandira mndandanda wa undefined reference ngakhale zonse zili m'malo mwake. Amene amagwiritsa ntchito CMake, chida china chomangira mapulogalamu, asalembe njira za mafoda pamanja, koma aitane pkg_check_modules kuti CMake ifunse pkg-config yomweyo.

Pulogalamuyo ikayenda, mzere woyamba uyenera kusonyeza 7.0, ndipo pansi pake paoneke kutalika kwa masekondi 5 ndi kukula kwa 640x360. Chomaliza, lembani ldd ./yesa ndipo yang'anani mzere wa libavformat.so.61. Njira yolembedwa pambali pake iyenera kudutsa m'foda ya ffmpeg7. Ikaloza ku /usr/lib kapena ikanena kuti not found, bwererani ku PKG_CONFIG_PATH ndi rpath, konzani, ndipo mangani yesa.c kachiwiri musanalembe khodi ina iliyonse.