Vinyo woyera m'nyengo yotentha: muziziritseni bwino

Dzuwa la Okutobala likafika pamutu, vinyo amene amakoma ndi woyera wa Chenin Blanc wochokera ku Stellenbosch kapena ku Swartland, madera a m'chigawo cha Cape ku South Africa. Dziko la South Africa ndi limene limalima mphesa za mtunduwu kuposa maiko onse, ndipo akale kumeneko ankazitcha Steen.

Pogula, yang'anani chaka pabotolo. Tengani wa chaka chatha kapena cha dzana, osati wokhalitsa. Botolo lomwe lakhala padzuwa pawindo la golosale lisiyeni, kuwala kumaononga fungo lake.

Chifukwa chomumwera ali wosakhalitsa komanso wozizira chili m'kapangidwe. Ku Cape amakolola pakati pa Januwale ndi Malichi, nthawi zambiri m'mamawa mphesa zikadali zozizira. Amazifinya msanga, kuchotsa makoko, kenaka madziwo amawira pang'onopang'ono m'matanki achitsulo ozizira. Ntchito yonseyi n'cholinga chosunga kafungo ka zipatso ndi kowawasa kaja kotsitsimula kukhosi. Zimandipweteka ndikaona wina akumwa vinyo wotere ali wofunda ngati tiyi wotsala.

Muikeni mufiliji maola awiri, afike madigiri 8 mpaka 10. Magetsi akathima, thirani madzi, ayezi ndi mchere wodzaza dzanja m'ndowa, mumizemo botolo mpaka m'khosi. Mphindi 20 zakwana. Koma asazizire mopitirira, kukoma kumabisala.

Thirani pang'ono pang'ono m'galasi, ndipo muligwire kumwendo kuti dzanja lisamutenthetse. Pambali pakhale chambo chootcha, chofinyirapo ndimu.