Mmene mungamasulire filimu ya abale othyola mabanki kuti agogo ndi adzukulu amvere limodzi

Kuno ku Mabvuku ndi ku Tafara, mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe, m'nyumba zambiri za ife ochokera ku Malawi, filimu ikayamba banja limagawikana. Adzukulu amamva Chingerezi ndi Chishona, agogo amamva Chichewa, ndiye pakangopita mphindi khumi agogo ayamba kuwodzera pampando. Chofunika ndi womasulira, munthu mmodzi wokhala pambali atagwira rimoti. Ntchitoyi ine ndimaigwira kwathu Loweruka madzulo, ndipo woyamba kumene ndimamulangiza kuti asankhe filimu ya abale othyola mabanki, chifukwa nkhani ya ubale agogo amaigwira msanga kuposa ana. Ndigwiritsa ntchito The Long Riders ya mu 1980, yonena za ana a kwa James ndi a kwa Younger ku Missouri, m'dziko la America.

Muionere kaye nokha, pepala ndi cholembera zili pafupi. Filimuyi ili ndi msampha wake: amene akusewera ngati abale ndi abale enieni, a Keach awiri, a Carradine atatu, a Quaid awiri ndi a Guest awiri, choncho nkhope zimafanana, zipewa ndi majekete aatali zikufanananso. Lembani mabanja paokhapaokha. Frank James ndi mkulu, Jesse ndi mng'ono wake ngakhale ndiye amalamula. Kwa a Younger, Cole ndi mkulu, kenako Jim, kenako Bob. Pomasulira musamangotchula mayina achizunguwa. Muziti "mkulu wake uja", "chitsirizira", "mayi awo", ndipo mudzaona agogo akudzuka n'kukhala bwino.

Za zipangizo n'zochepa. Tchajani laputopu ndi sipika masana, poti magetsi athu sadziwika, ndipo filimuyo ikhale m'makina kale, osadalira intaneti. Mawu a filimu muchepetse kuti anu amveke osakuwa. Ana aang'ono akagone kaye, muli magazi ambiri.

Musamasulire liwu lililonse. Anthu akalankhulana kanthawi, dikirani amalize, kenako munene mutu wake m'mawu ochepa: "Akukangana za mkazi," kapena "Akuti akabe kutali, kumene sakuwadziwa." Pamene mahatchi akuthamanga khalani chete, maso amadzionera okha.

Tsono pali gawo limene ndimalitenga kukhala lalikulu. Ife a mu Harare tinaima m'mizere ya kubanki mu 2008, ndalama zikusungunuka tisanafike pa kauntala, ndipo mu 2009 tinagwira pepala la ndalama la madola 100 trillion losagula kanthu kooneka. Munthu amene anadutsa m'zimenezo akaona wina akuloza banki ndi mfuti, mtima umafuna kuwomba m'manja. Ndamumvapo mdzukulu wathu wamkulu akuti, "Agogo, awa ndiye amuna!" Opanga mafilimu amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amawapatsa akubawo nyimbo zokoma ndi mahatchi okongola. Womasulira ayenera kubwezeretsa zimene kamera yadumpha.

Musanayambe, nenani zinthu ziwiri. Choyamba, Frank, Jesse ndi Cole anaphunzira kupha pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America ya 1861 mpaka 1865, ali kumbali yofuna kuti ukapolo upitirire, ndipo banja la James linali ndi akapolo pakhomo. Adzukulu athu, anthu akuda, ayenera kudziwa zimenezi asanasankhe womukonda. Chachiwiri, masiku amenewo boma silinkateteza ndalama za osunga kubanki, chitetezocho chinayamba mu 1933. Ndalama zobedwa zinali za alimi ndi a magolosale a m'tauni momwemo. Zoti ankagawira osauka ndi nthano chabe, palibe umboni wake.

Musabisenso zimene banjalo linachitidwa. Mu Januwale 1875 ofufuza a kampani ya Pinkerton anaponya chophulika m'nyumba ya mayi a Frank ndi Jesse, a Zerelda. Mwana wawo Archie, wa zaka 8, anafa, ndipo mayiwo anaduka mkono. Apa imitsani filimu. Agogo aakazi adzafuna kulankhula, chifukwa akudziwa za mayi amene ana ake asanduka zigawenga koma iye sangawakane. Asiyeni anene, ngakhale tiyi azizire.

Pachimake ndi pamene gululi linakaba ku banki ya ku Northfield, Minnesota, pa 7 Sepitembala 1876. Zipolopolo zikamalira musatulutse mawu. Zikatha, imitsaninso ndi kutchula anthu awiri. Joseph Lee Heywood, wogwira ntchito m'bankimo, anakana kutsegula sefa ndipo anamupha. Nicholas Gustafson, munthu wobwera kuchokera ku Sweden amene anali asanakhalitse m'dzikomo, anawomberedwa mumsewu n'kufa patapita masiku ochepa. Dzina lachiwirili ndimalitchula pang'onopang'ono, poti agogo athu aamuna nawonso anafika mu Salisbury, dzina lakale la Harare, ali mlendo wofuna ntchito, chilankhulo cha eni dziko asakuchidziwa. Anthu a m'tauniyo anatenga mfuti zawo n'kupha akuba awiri pomwepo, ndipo otsalawo anathawa ndi ndalama zosakwana madola 30.

Filimu ikatha padzabwera mafunso a "nanga uje anathera kuti?", choncho mayankho akhale kuseri kwa pepala lanu lija. A Younger atatu anagwidwa patatha milungu iwiri pafupi ndi Madelia, n'kulamulidwa kukhala m'ndende ya Stillwater moyo wonse. Bob anafera momwemo ndi chifuwa chachikulu mu 1889. Cole ndi Jim anatuluka mu 1901, ndipo Jim anadzipha chaka chotsatira. Jesse anawomberedwa kumbuyo m'nyumba mwake ku St. Joseph pa 3 Epulo 1882 ndi Robert Ford, wa m'gulu lake lomwe. Frank anadzipereka chaka chomwecho, makhoti sanamupeze wolakwa, ndipo anamwalira ali nkhalamba mu 1915. Pa za Frank konzekerani mkangano, agogo sadzavomera msanga kuti mlandu wotere ungathe choncho.