Kawerengedwe ka mtengo wotsuka ndi kupaka khonde la matabwa

Munthu akaimba foni n'kufunsa kuti kutsuka khonde lake la matabwa ndi kulipaka mankhwala oteteza n'zingati, musamutchulire mtengo. Muuzeni kuti mubwera mudzaone kaye. Makonde awiri akhoza kufanana kukula, onse masikweya mita 30, koma lina n'kukudyerani tsiku limodzi, linalo masiku atatu. Kusiyanako sikuoneka ngakhale pa chithunzi cha pa WhatsApp, chifukwa kumabisala pa zinthu ziwiri: chimene chinapakidwa kale pa matabwawo, ndi kuchuluka kwa timitengo totchinga m'mbali.

Popita mutenge tepi yoyezera, botolo la madzi, msomali wautali, ndi kachipangizo koyezera chinyezi m'thabwa ngati muli nako. Kuyeza pansi n'kosavuta, mulitali kuchulukitsa ndi mulifupi basi. Chofunika nthawi ndi botolo lija. Thirani madzi pang'ono pakati pomwe anthu amapondaponda, pomwe pamaomba dzuwa tsiku lonse, ndi m'mphepete mwa khoma momwe mumakhala mthunzi. Madzi akalowa msanga n'kudetsa thabwa, ndiye kuti zakale zinatha, thabwalo limwa zatsopano. Akakhala timadontho pamwamba, zakalezo zikadalipo, ndipo chilichonse chimene mungapake chidzangoyandama, n'kumata, kenako n'kusupuka. Kawirikawiri mupeza zonse ziwiri pa khonde limodzi, pakati pali mbee, kukhoma kukadali kowala. Mtengo muuwerengere potengera mbali yovutayo.

Msomali ndi wobayira kumapeto kwa matabwa, pamasitepe ndi pansi pa miphika ya maluwa. Ukalowa mosavuta, thabwalo lawola. Muitaneni mwini wake aone ndi maso ake musanayambe ntchito, apo ayi adzanena kuti makina anu otsukira ndi madzi amphamvu ndiwo aboola.

Ine makonde ndimawagawa patatu, ndipo gulu lililonse lili ndi mtengo wake. Loyamba ndi matabwa ongotuwa ndi dzuwa, okhala ndi ndere ndi nguwi koma opanda chopakidwa. Apa mankhwala a sodium percarbonate osungunula m'madzi, bulashi ndi kutsukuluza zikwana. Lachiwiri ndi lomwe mwatsalira mafuta akale olowa m'thabwa. Pafunika mankhwala osupula, omwe ambiri amakhala ndi sodium hydroxide, ndipo chifukwa amadetsa thabwa, pambuyo pake mupakenso oxalic acid kuti mtundu ubwerere ndi kuti ukali wa oyambawo uthe. Ndiye kuti mwazungulira khonde lonse kawiri kapena katatu, ndipo mwagula mankhwala amitundu iwiri. Lachitatu ndi khonde lopakidwa penti kapena zina za acrylic zomwe zimauma ngati chikopa pamwamba. Zimenezi mankhwala wamba amangozinyambita. Chimachotsa ndi makina opalira ndi sandipepala wa nambala 60 kapena 80, mutagwada. Ntchito yotere sinditchula mtengo wa pa sikweya mita. Ndimayesa kaye pa kagawo kakang'ono, n'kuona nthawi imene katenga, kenako n'kutchula mtengo wa pa tsiku. Nthawi zina ndimangoikana, ndipo sindiona cholakwika.

Ambiri ongoyamba kumene amaganiza kuti makina amphamvu afulumizitsa ntchito, choncho amatsitsa mtengo. Pa simenti n'zoona. Pa matabwa ayi. Mphamvu ya madzi imayezedwa m'mabar kapena psi. Makina anu akhoza kufika mabar 200, koma matabwa ofewa ngati a paini safuna kupitirira mabar 35 mpaka 80, omwe ndi pafupifupi psi 500 mpaka 1200. Kamlomo kotulutsira madzi koyenera ndi koyera kaja ka madigiri 40, koyendetsa motsata mizere ya thabwa. Kofiira ka madigiri 0 kasayandikire n'komwe, kamalemba thabwa ngati mpeni. Mukathamanga ndi mphamvu yambiri, thabwa limatuluka ubweya, ndipo kupala ubweyawo ndi maola amene palibe adzakulipireni. Amatsuka ndi mankhwala, madzi amangochotsa. Choncho nthawi yodikira kuti mankhwala agwire, mphindi 10 kapena 15 pa chigawo chilichonse, ilowe mu chiwerengero.

Tsopano timitengo ta m'mbali, pomwe ndalama za anthu ambiri zimathera. Tiyerekeze khonde la mamita 6 ndi 5, lotchingidwa mbali zitatu. Chotchingacho ndi mamita 16. Timitengo timatalikirana pafupifupi masentimita 10, ndiye mukawerengeranso kunenepa kwake, pa mita iliyonse pamakhala tisanu ndi tiwiri kapena kuposerapo. Tonse pamodzi tipitirira 110, ndipo kalikonse kali ndi mbali zinayi zofunika kutsuka ndi kupaka ndi bulashi yaing'ono, uku mukupukuta zodontha. Pansi ponse mukhoza kupaka m'maola awiri ndi bulashi yaikulu ya mpini wautali, koma timitengoto tikhoza kukutengerani maola anayi kapena asanu. N'chifukwa chake chotchinga chimafunika mzere wakewake pa pepala, mtengo wa pa mita, ndipo masitepe nawo mtengo wa pa sitepe imodzi. Khonde likakhala lam'mwamba, lofuna makwerero kuti mupake kunja kwake, wonjezeraninso. Chimodzimodzi mabenchi omangirira ndi latisi, timatabwa topingasana totchinga kunsi. Latisi imaoneka yochepa, koma imamwa mankhwala ndi nthawi modabwitsa.

Powerengera malita, musakhulupirire kwathunthu zolembedwa pa chitini. Nambala imeneyo imagwirizana ndi thabwa losalala. Thabwa lakale, long'aluka, lotsukidwa kumene limamwa kwambiri, ndipo ine ndimaika lita imodzi pa masikweya mita 5. Mita imodzi ya chotchinga ndimaitenga ngati masikweya mita 2, poti ili ndi kuno ndi uko. Pa khonde lathu lija ndiye kuti 30 a pansi, 32 a chotchinga, ndi 5 a masitepe, zonse 67. Kugawa ndi 5 mupeza malita 13 ndi kanthu, ndipo mukawonjeza gawo limodzi mwa magawo khumi la zotayika, mugula malita 15. Amene anangoyeza pansi akanagula 6. Ngati mankhwalawo amafuna kupaka kawiri, kachiwiri kamamwa pang'ono, komabe si kaulere.

Chinanso choiwalika n'chakuti ntchitoyi ndi ya maulendo awiri. Mukatsuka lero simungapake lero. Thabwa liume maola 48 kunja kukakhala bwino, ndipo opanga mankhwala ambiri amafuna chinyezi chisapitirire 15 peresenti. Tsiku lopakalo pasakhale mvula kwa maola 24 otsatira, ndipo dzuwa lisakhale lowotcha thabwa, chifukwa mankhwala amauma asanalowe. Ndiye mafuta a galimoto ndi kawiri, kukweza ndi kutsitsa katundu kawiri, ndipo mvula ikasokoneza, tsiku lomwe munasungira kasitomala ameneyu lapita. Makasitomala ena amadabwa kuti kupaka kukudula kuposa kutsuka, pomwe makina aphokoso aja sagwira ntchito tsiku lachiwiri. Afotokozereni za maolawo, ambiri amamvetsa.

Maola onse alembeni osasiyako: kusuntha mipando ndi miphika, kunyowetsa ndi kuphimba maluwa kuti mankhwala asawawotche, kumata pulasitiki pakhoma ndi pa zitseko zagalasi, kukhomerera misomali yotuluka, kupala pomwe pachita ubweya, kusonkhanitsa zida. Ngakhale nsanza zonyowa ndi mafuta opakira zimafuna mphindi zake, chifukwa mukaziunjika pamodzi zimatha kuyaka zokha. Ziyanikeni chotambasula kapena muziviike m'madzi m'chitini chotseka. Khonde la chitsanzo chathu, ngati lili la gulu lachiwiri, likhoza kufika maola 14 kapena 15 kuphatikizapo ulendo.

Nanga ola limodzi ndi zingati? Musatengere kwa mnzanu, poti galimoto yake, ngongole zake ndi wantchito wake si zanu. Phatikizani zonse zimene bizinesi imadya pa mwezi ngakhale musanatsuke khonde lililonse: inshulansi, msonkho, foni, kutsatsa malonda, kukonza galimoto, ndi ndalama yosungira pampu ndi mapaipi atsopano, chifukwa zimenezi zimatha ndithu. Ikanipo malipiro anu enieni, ngati a munthu wolembedwa ntchito. Zonsezo mugawe ndi maola amene kasitomala amalipira, osati maola onse amene mumakhala pa ntchito. Pa maola 40 a pa mlungu, mwina 25 okha ndiwo olipidwa. Enawo amathera kukayeza makonde amene simudzawapeza, kugula katundu ndi kudikira kuti kunja kuche. Wogawa ndi 40 amadzinamiza yekha.

Mukachulukitsa maola ndi mtengo wa ola, n'kuphatikiza mankhwala, sandipepala, mabulashi ndi petulo, mwapeza zimene ntchitoyo ikudyereni. Phindu libwere pamwamba pake, ndipo apa pali kamsampha ka masamu. Tinene kuti zonse zakwana 100 ndipo mukufuna kuti 30 peresenti ya mtengo ikhale phindu. Mukangowonjeza 30 n'kutchula 130, phindu lanu ndi 23 peresenti yokha ya ndalama imene mwalandira. Gawani 100 ndi 0.7, mupeza 143. Umenewo ndiwo mtengo wake.

Khalaninso ndi mtengo wotsikitsitsa umene simungapitirire pansi pake. Kakhonde ka masikweya mita 8 kamafunabe maulendo awiri ndi kulumikiza mapaipi omwewo.

Pepala lopereka kwa kasitomala likhale ndi mizere yosiyana: kutsuka, kusupula zakale ngati kulipo, kupaka pansi, chotchinga, masitepe, mankhwala ndi dzina lake ndi mtundu wake. Ubwino wake ndi wakuti akati mtengo wakwera, simutsitsa phindu, mumachotsa mzere. Akhoza kusankha kuti chaka chino mupake pansi pokha, popeza timitengo toimirira sitisunga madzi ndipo timachedwa kutha. Lembaninso zimene sizili m'katimo, monga kusintha matabwa owola, ndi kuti madzi ndi magetsi ndi a pakhomopo. Mtundu wa mankhwala muuyese pa thabwa lobisika, mwini wake avomere asanaone khonde lonse litasintha. Dipoziti ikwane kugulira mankhwala, chifukwa mtundu wosakanizidwa kale kawirikawiri sabweza ku sitolo. Ndipo musalonjeze zaka. Mankhwala oonekera matabwa amatha msanga pa dzuwa kusiyana ndi okhala ndi mtundu, koma kuti atha liti zimadalira dzuwa, mvula, agalu ndi mapazi a pakhomopo.

Makonde ena si opaka n'komwe. A matabwa osakaniza ndi pulasitiki, monga a Trex, amangofuna kutsuka mofatsa, ndipo matabwa atsopano oviikidwa m'mankhwala a chiswe amafunika aume kaye milungu ingapo, nthawi zina miyezi. Kumeneko tchulani mtengo wotsuka wokha, kapena mupangane tsiku lodzabweranso.

Ntchito ikatha, lembani maola enieni ndi malita enieni pambali pa zimene munayerekeza, gawo ndi gawo. Mukaona kuti pa makonde angapo otsatizana chotchinga chikupitirira nthawi yomwe munaika, kwezani mtengo wa pa mita wa chotchinga chokha, ena onse akhale momwemo. Kabuku komweko kadzakuthandizani kasitomala akadzakuitananinso patapita chaka kapena ziwiri: muyeso muli nawo kale, mankhwala mukuwadziwa poti munapaka ndinu, kusupula kulibe, choncho mukhoza kumutchulira mtengo wotsikirapo, ndipo ulendo uno ngakhale pa foni pomwepo.